Momwe mungatsatire nkhani ya kulowa ufumu m'banja la a Gonzaga a ku Mantua

Munthu akayamba kuwerenga mbiri ya mabanja amene ankalamulira mizinda ya ku Italy pakati pa zaka za m'ma 1500 ndi za m'ma 1700 sachedwa kusokonezeka, chifukwa mayina ndi omwe omwewo, a Francesco, a Ferdinando ndi a Carlo akubwerezedwa mbadwo ndi mbadwo, komanso kawirikawiri amene analowa ufumu si amene tikanamuyembekezera poyang'ana magazi okha. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kudzifufuzira yekha chifukwa chimene wina analowera ufumu pamene mnzake anakanidwa. Banja limene tilitsate kwambiri ndi la a Gonzaga, amene anagwira mzinda wa Mantua mu 1328 ndipo anaulandidwa kotheratu mu 1708, popeza pafupifupi vuto lililonse limene limagwa pa nkhani ya mlowam'malo linawagwera iwo. A Este, a Medici, a Farnese ndi a Della Rovere atchulidwa pamene nkhani yawo ikuwalitsa mfundo kuposa ya a Gonzaga.

Yambani ndi mwini dziko

Ambiri amathamangira kujambula mzere wa makolo ndi ana, koma ntchito imeneyi iyenera kudikira. Funso loyamba ndi lakuti dzikolo linali la yani pamaso pa lamulo. Duke wa ku Italy, kutanthauza wolamulira dera, ankaweruza milandu, kutolera misonkho, kusula ndalama zake ndi kusunga asilikali ake, koma lamulo silinkamuona ngati mwini weniweni wa dziko. Anali wopatsidwa ndi wamkulu wina, ndipo kumpoto ndi pakati pa Italy wamkuluyo kawirikawiri anali mmodzi mwa awiri, Papa kapena Mfumu Yaikulu ya Ufumu Woyera wa Roma, umene mbali yake yaikulu inali ku Germany. Zinali ngati za munthu wolima munda wobwereka, amene amakolola ndi kusiyira ana ake mundawo, koma mbewu yake ikatha mundawo umabwerera kwa mwini wake. Mantua inali pansi pa Mfumu Yaikulu: Sigismund ndiye anapatsa Gianfrancesco Gonzaga udindo wa marquis, wotsikirapo kuposa wa duke, mu 1433, ndipo Charles V ndiye anakweza Federico II kukhala duke mu 1530. Ferrara ndi Urbino zinali za Papa. Milan inali ya Mfumu Yaikulu, n'chifukwa chake Francesco II Sforza atamwalira wopanda mwana mu 1535 dzikolo linangobwerera m'manja mwa Charles V.

Musakhutire ndi yankho limodzi pa banja lonse, chifukwa duke mmodzi ankatha kukhala ndi madera angapo ochokera kwa eni osiyana. Lembani dera lililonse pamzere wakewake pamodzi ndi mwini wake. Zimene zinachitikira a Este zikusonyeza kufunika kwa zimenezi. Alfonso II d'Este anakwatira katatu koma sanabereke mwana, choncho anasankha Cesare d'Este, mwana wa bambo ake aang'ono, kuti adzalowe m'malo mwake. Vuto linali lakuti bambo a Cesare anabadwa kwa Alfonso I ndi Laura Dianti, ndipo ku Roma sankavomereza kuti awiriwa anamanga ukwati. Mfumu Yaikulu Rudolf II, atalandira ndalama zambiri, anavomera kuti Modena ndi Reggio zipite kwa amene Alfonso wamusankha. Papa Clement VIII anakana pa za Ferrara, motsamira lamulo la Papa Pius V la mu 1567 loletsa kuperekanso dziko la mpingo kwa wina mzere wovomerezeka ukatha. Alfonso atamwalira mu Okutobala 1597, Papa anachotsa Cesare mu mpingo ndi kusonkhanitsa asilikali, ndipo mu Januwale 1598, pambuyo pa pangano la ku Faenza, Cesare anatuluka mu Ferrara kupita ku Modena. Munthu mmodzimodziyo, wa magazi omwewo, anali woyenera ku Modena koma wosayenera ku Ferrara. Amene wangojambula mzere wobadwira sangathe kufotokoza zimenezi.

Werengani mawu a chikalata cholongera ufumu

Mukadziwa mwini dziko, funani chikalata chimene iye anapereka polonga duke woyamba, pamodzi ndi zina zimene zinkaperekedwa duke watsopano aliyense akamalowa. M'chikalatamo muyang'ane ngati ufumu ukuyenda mwa amuna okha kapena mkazi atha kuudutsitsa kwa mwamuna wake ndi ana ake, ngati ana obadwa kunja kwa ukwati atchulidwa, ngati woyamba kubadwa ndiye wotenga zonse, komanso ngati nthambi za abale a duke zikuwerengedwa mzere waukulu ukatha. Mfundo yomalizayi ndi imene owerenga ambiri amaidumpha, chonsecho ndi pamene panabadwira milandu yambiri.

Kwa a Gonzaga, Mantua inkayenda mwa amuna okha. Montferrat, dera lawo lachiwiri limene likulu lake linali Casale, linali ndi mbiri ina, pakuti linabwera m'banjamo kudzera mwa mkazi. Federico II anakwatira Margherita Paleologa mu 1531, marquis womaliza wa banja la mkaziyo anamwalira mu 1533, ndipo mu 1536 Charles V anagamula kuti Montferrat ipite kwa Margherita ndi mwamuna wake, ngakhale a ku Savoy ankalifunanso derali potengera maukwati akale. Chimene chinalowa kudzera mwa mkazi chikanathanso kutuluka kudzera mwa mkazi. Choncho nthawi iliyonse imene duke wa ku Mantua wamwalira n'kusiya mwana wamkazi yekha, mudziwe kuti pali milandu iwiri yosiyana, wa Mantua ndi wa Montferrat, ndipo muisanthule payokhapayokha.

Musaganizenso kuti lamulo la m'zaka za m'ma 1400 ndi limene linkagwira ntchito m'zaka za m'ma 1600. Ku Ferrara, Leonello ndi Borso d'Este, onse obadwa kunja kwa ukwati, analamulira motsatizana m'bale wawo Ercole, wobadwa mu ukwati, asanalowe mu 1471, ndipo Borso yemweyo ndiye analandira udindo wa duke kwa Mfumu Yaikulu mu 1452 ndi kwa Papa mu 1471. Patapita zaka zoposa zana limodzi, pamene mpingo unali utakhwimitsa malamulo a ukwati pa msonkhano wa ku Trent, kukayikira chabe ukwati wa agogo ake kunakwanira kuchotsa Cesare mu Ferrara.

Tsopano jambulani mzere wobadwira

Yambirani pa munthu amene analandira chikalata, ndipo mulembe ana ake aamuna onse motsatira kubadwa kwawo, kuphatikizapo amene analowa unsembe ndi amene anasamukira kunja. Pa dzina lililonse muikepo chaka chobadwa, chaka cha ukwati ndi chaka chomwalira, ndipo pamene imfa zayandikana muikenso mwezi. Ana aakazi musawasiye, mulembe ndi amuna awo omwe, chifukwa mkamwini wamphamvu ndiye ankabwera ndi asilikali kudzaitanitsa gawo la mkazi wake kapena la mdzukulu wake.

Federico II atamwalira mu 1540 anasiya ana aang'onoang'ono. Woyamba, Francesco III, analowa ufumu ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, amayi ake ndi bambo ake aang'ono, Kadinala Ercole Gonzaga, akumugwirira mpando, ndipo anamwalira mu 1550 asanabereke. Mng'ono wake Guglielmo analowa n'kulamulira mpaka mu 1587. Wachitatu, Ludovico, ndiye amene wojambula mosasamala amamutaya, chifukwa anatumizidwa ku France ali mwana, anakwatira Henriette wa ku Cleves mu 1565, nakhala duke wa ku Nevers. M'mabuku ambiri amapezeka ndi dzina lakuti Louis, ngati kuti ndi wa banja lina. Musungireni malo aakulu papepala lanu, pakuti mudzamufuna. Pambali pake mujambule nthambi ya Ferrante, mng'ono wake wa Federico II, amene anagula Guastalla mu 1539 ndipo zidzukulu zake zinalamulira kumeneko.

Pambuyo pa Guglielmo panabwera mwana wake Vincenzo I, amene anamwalira mu Febuluwale 1612 n'kusiya ana aamuna atatu obadwa mu ukwati, Francesco, Ferdinando ndi Vincenzo. Poona papepala, banja linali lotetezeka. Koma m'zaka 15 zokha onse atatu analamulira ndi kumwalira popanda kusiya mwana wamwamuna wovomerezeka, ndipo apa ndi pofunika kuyenda pang'onopang'ono.

Francesco IV analamulira miyezi khumi yokha, namwalira ndi nthomba mu Disembala 1612, patangopita masabata ochepa mwana wake wamwamuna atamwalira ndi nthenda yomweyo. Anatsala Maria, wobadwa mu 1609, amene amayi ake anali Margherita, mwana wa Charles Emmanuel I wa ku Savoy. Mantua inapita kwa Ferdinando mosavuta, popeza mkazi sakanatha kuitenga. Koma agogo ake a Maria ananena kuti Montferrat ndi ya mdzukulu wawo, ndipo mu 1613 analowa m'deralo ndi asilikali, nkhondo imene inakoka Spain ndipo inatha mu 1617 derali likadali m'manja mwa a Gonzaga. Dzina la Maria mulizunguze ndi cholembera, chifukwa kuyambira pamenepa aliyense wofuna Montferrat ankayang'ana amene adzamukwatire.

Samalani ndi makadinala ndi maukwati awo

Mabanja amenewa ankaika mwana wachiwiri kapena wachitatu mu mpingo kuti akhale kadinala, kuti chuma chisagawike komanso kuti banja likhale ndi mawu ku Roma. Musamufafanize mwana wotere pa mndandanda wa olowa ufumu. Ambiri a iwo sanadzozedwe unsembe, choncho mkulu wawo akamwalira wopanda mwana wamwamuna ankatha kubweza chipewa cha ukadinala kwa Papa n'kukwatira. Ferdinando de' Medici anatero mkulu wake Francesco I atamwalira mu 1587, nakwatira Christine wa ku Lorraine mu 1589, ndipo banja linapitirira. Rinaldo d'Este anatero ku Modena mwana wa mkulu wake, Francesco II, atamwalira mu 1694, ndipo zinamuyendera. Francesco Maria de' Medici anayesa mu 1709 ali ndi zaka 48 komanso akudwaladwala, namwalira mu 1711 wopanda mwana. Njira imeneyi inkagwira ntchito ngati kadinalayo watuluka akadali ndi mphamvu ndipo wakwatira mwanzeru.

Ana awiri otsala a Vincenzo I onse anali makadinala, ndipo onse anadzikola pa ukwati. Ferdinando anachita mwambo waukwati wamseri ndi Camilla Faà mu 1616, ndipo panabadwa mwana wamwamuna, Giacinto. Kenako ukwatiwo unaonedwa kuti sunali womangika, ndipo mu 1617 iye anakwatira Caterina de' Medici, amene sanabereke naye. Mwana yekhayo wamwamuna amene anali naye anakhala wosawerengedwa, ndipo Ferdinando anayesetsa kuti Giacinto avomerezedwe kukhala mlowam'malo koma zinakanika. Mng'ono wake Vincenzo anakwatira mu 1616 Isabella Gonzaga wa ku Novellara, mayi wamasiye amene anali wamkulu kwa iye ndi zaka pafupifupi 18. Atazindikira kuti sipadzakhala mwana, anatha zaka zambiri akupempha ku Roma kuti ukwatiwo uthetsedwe, koma sanamulole. Analowa ufumu mu 1626 ali womangika mu ukwati umene sakanatha kuutuluka.

Pa ukwati uliwonse wa duke kapena wa mlowam'malo wake, fufuzani ngati mpingo unauvomereza, ngati panafunika chilolezo cha Papa chifukwa cha chibale, ndiponso ngati wina anayesa kuuthetsa. Bambo awo a anyamatawa anali ndi mwayi umene iwo analibe: ukwati woyamba wa Vincenzo I ndi Margherita Farnese, wa mu 1581, unathetsedwa mu 1583, ndipo chaka chotsatira iye anakwatira Eleonora de' Medici amene anamuberekera ana onsewa. Kuvomera kapena kukana kwa ku Roma pa mlandu umodzi waukwati kunkatha kupulumutsa kapena kuthetsa banja lonse lachifumu.

Pali chinthu china chaching'ono chofunika kuchikumbukira, ndicho pathupi pa mkazi wamasiye. Mwana wosabadwa ankawerengedwa, choncho duke akamwalira mlandu unkatha kuima miyezi ingapo. Antonio Farnese wa ku Parma atamwalira mu Januwale 1731 anali atasiyira dziko mwana amene ankakhulupirira kuti mkazi wake Enrichetta d'Este anali kuyembekezera, ndipo maiko akuluakulu anadikira mpaka mu Seputembala pamene zinadziwika kuti panalibe pathupi. Mukaona mpata wa miyezi pakati pa imfa ya duke ndi kulowa kwa wina, yang'anani kumeneku musanaganize kuti olemba analakwitsa masiku.

Yesani njirayi pa mlandu wa mu 1627

Vincenzo II anamwalira pa Khirisimasi ya mu 1627, ndipo mzere wa Guglielmo unathera pomwepo kuchimuna. Tengani pepala lanu mubwerere m'mbuyo kufikira mutapeza nthambi yapafupi ya amuna. Mudzafika kwa Ludovico, mng'ono wake wa Guglielmo, amene mwana wake Charles, duke wa ku Nevers, anali moyo ndipo anali ndi ana aamuna. Nthambi ya ku Guastalla, imene mtsogoleri wake anali Ferrante II, inapatuka mbadwo umodzi m'mbuyo, pa mng'ono wake wa Federico II, choncho inali yakutali. Pa Mantua, lamulo linali kumbali ya Charles mosakayikitsa. Pa Montferrat panali Maria, panali a ku Savoy ndi madandaulo awo akale, panalinso Margherita, mlongo wake wa maduke atatu aja, amene anakwatiwa ku Lorraine. Pofuna kutseka mpata umenewu, alangizi a Vincenzo anakonza zoti Maria akwatiwe ndi mwana wa Charles, duke wa ku Rethel, ndipo ukwatiwo unamangidwa mwachangu ndi chilolezo cha Papa Urban VIII patangotsala maola ochepa kuti Vincenzo atsirizike. Mwa njira imeneyi ufulu wa kuchimuna ndi wa kuchikazi unakumana m'nyumba imodzi.

Kwa ine, imeneyi inali nzeru yabwino pa lamulo koma yoopsa pa ndale, chifukwa zonsezi zinachitika osapempha mwini dziko. Mfumu Yaikulu Ferdinand II anali atakwatira Eleonora, mlongo wake wa Vincenzo II, mu 1622, ndipo sanali mdani wa banjali, koma sanakondwe kuona mlowam'malo akufika ku Mantua mu Januwale 1628 n'kukhala pampando asanalandire chikalata chake. Spain, imene inali ndi Milan pakati pa Mantua ndi Montferrat, sinafune kuti munthu wobadwira ndi kukulira ku France agwire linga la Casale kumadzulo ndi Mantua kum'mawa. Ferdinand analamula kuti madera onse awiri akhale m'manja mwake mpaka mlandu utaweruzidwa, Charles anakana, asilikali a Spain anazinga Casale, a ku Savoy analanda mbali ina ya Montferrat, ndipo mu Malichi 1629 Louis XIII wa ku France ndi nduna yake, Kadinala Richelieu, anaoloka mapiri a Alps kudzathandiza Charles. Asilikali a Mfumu Yaikulu anatsika kuchokera ku Germany atatenga mliri, ndipo mu Julayi 1630 analowa mu Mantua n'kuufunkha mzindawo masiku atatu.

Mapangano a ku Regensburg mu 1630 ndi a ku Cherasco mu 1631 anapereka ufumu kwa Charles yemwe uja amene pepala lanu linamusonyeza pachiyambi. Koma yang'anani mtengo wake. Savoy inatenga Trino ndi Alba, a ku Guastalla analandira Luzzara ndi Reggiolo, France inatsala ndi linga la Pinerolo, ndipo Mantua inatsala yopasuka, anthu ake ambiri atafa ndi mliri ndi njala. Pofotokoza mlandu wotere, lembani mayankho awiri mosiyanitsa, loyamba la amene lamulo linkamuloza, lachiwiri la zimene anataya kuti oyandikana naye amulole kukhala. Chimene Charles anachilimbanira chinafika kwa mdzukulu wake, chifukwa mwana wake, mwamuna wa Maria, anamwalira mu 1631 asanalamulire, ndipo Charles atamwalira mu 1637 Maria ndiye anagwirira mpando mwana wake kwa zaka khumi.

Siyanitsani dziko ndi chuma cha banja

Dziko linkabwerera kwa mwini, koma nyumba zogula, minda ya banja, ndalama, mabuku ndi zithunzi zinali katundu wa banja, ndipo zinkatha kupita kwa mwana wamkazi ngakhale pamene iye sakanatha kulowa ufumu. Mukasokoneza ziwirizi simudzamvetsa chifukwa chimene zinthu za mzinda wina zikupezekera mu mzinda wina lero. Francesco Maria II della Rovere wa ku Urbino anabereka mwana wamwamuna, Federico Ubaldo, atakalamba kale mu 1605, koma mnyamatayo anamwalira mu 1623 n'kusiya mwana wamkazi wakhanda, Vittoria. Nkhalambayo itamwalira mu 1631, Urbino inabwerera kwa Papa, pamene zithunzi za banja, kuphatikizapo za Titian, Raphael ndi Piero della Francesca, zinatsata Vittoria ku Florence kumene anakwatiwa ndi Ferdinando II de' Medici. Ku Parma, Don Carlos, mwana wa Elisabetta Farnese ndi Philip V wa ku Spain, atalanda Naples mu 1734 anasamutsira kumeneko zosema, zithunzi ndi mabuku a a Farnese monga cholowa cha kwa amayi ake. Ku Florence, Anna Maria Luisa de' Medici, womaliza wa mzere wachifumu wa banjalo, anagwiritsa ntchito ufulu womwewu mwanjira ina: mu pangano la mu 1737 anasiyira olamulira atsopano chuma chonse cha banja, koma anawamanga kuti asachotse kanthu mu Florence ndi mu Tuscany. A Gonzaga analibe munthu wotero, ndipo Vincenzo II anali atagulitsa kale zithunzi zambiri za banja kwa Charles I wa ku England mu 1627, zina n'kutsatira mu ulamuliro wa Charles wa ku Nevers, zotsala n'kufunkhidwa mu 1630.

Wilo ya duke muiwerenge ndi maso omwewa. Pa katundu wa banja inali ndi mphamvu, koma pa dziko inali pempho chabe kufikira mwini dziko atavomera. Guidobaldo da Montefeltro, duke wa ku Urbino, anatha kutenga mwana wa mlongo wake, Francesco Maria della Rovere, kukhala mwana wake ndi mlowam'malo wake mu 1504 chifukwa Papa Julius II, mwini wa Urbino, anali m'bale wawo wa bambo ake a mnyamatayo. Cosimo III de' Medici analengeza mu 1713 kuti ana ake aamuna akadzatha ufumu wa Tuscany udzapite kwa mwana wake wamkazi Anna Maria Luisa, nyumba ya malamulo ya ku Florence inavomereza, koma maiko akuluakulu sanalabadire. Mu 1718 analonjeza Tuscany kwa Don Carlos, pambuyo pake anasintha maganizo, ndipo Gian Gastone, mwana wamwamuna womaliza wa Cosimo, atamwalira mu Julayi 1737 dzikolo linapita kwa Francis Stephen wa ku Lorraine monga chipepeso cha dziko la makolo ake limene analisiya.

Pofika zaka za m'ma 1700, yang'anani kaye mapangano a maiko

Chitsanzo cha Tuscany chikusonyeza kuti dongosolo la mafunso lanu liyenera kusintha malinga ndi nthawi. M'zaka za m'ma 1500 chikalata ndi magazi zinkalemera kwambiri, ndipo nkhondo inkabwera pofuna kutsimikiza kapena kupotoza zimene zikalata zanena. M'zaka za m'ma 1700 maiko monga Austria, France, Spain ndi Britain ankagawa madera a ku Italy pa misonkhano yawo duke akadali moyo, ndipo akatswiri a malamulo ankaitanidwa pambuyo pake kudzapeza zifukwa.

Mathero a a Gonzaga akuphunzitsa njira inanso imene ufumu unkathera, yosakhudza kubereka. Ferdinando Carlo, mdzukulu wa Maria, analola asilikali a Louis XIV wa ku France kulowa mu Casale mu 1681, ndipo mu 1701, pa nkhondo yolimbirana ufumu wa Spain, anawalolanso kulowa mu Mantua. Kwa Mfumu Yaikulu kumeneku kunali kupandukira mwini dziko, mlandu umene chilango chake chinali kulandidwa dziko. Chigamulo chinaperekedwa mu 1708, ndipo iye anamwalira ku Padua mu Julayi chaka chomwecho wopanda mwana wobadwa mu ukwati. Montferrat inapita kwa a ku Savoy, Mantua inakhala m'manja mwa Austria. Nthambi ya ku Guastalla inali ikadalipo, ndipo tsopano inali yoyamba pa mzere wa amuna, koma sinapatsidwe Mantua mpaka inatha yokha mu 1746. Choncho mukaona dziko labwerera kwa mwini, fufuzani ngati labwerera chifukwa mzere watha kapena chifukwa cha chilango, pakuti pa chilango abale otsala ankatha kutsekeredwa kunja ngakhale magazi awo anali osakayikitsa.

Zofunika kusamala powerenga zolembedwa za nthawiyo

Pa mlandu uliwonse wa ufumu, mbali zonse zinkalemba ntchito akatswiri a malamulo kuti asindikize timabuku toikira kumbuyo ufulu wawo, ndipo timabuku timeneti timakhala ndi mizere yobadwira yooneka yodalirika. Musanaukhulupirire mzere wotere, dziwani amene analipira wolembayo, chifukwa wa ku Turin, likulu la a Savoy, adzakulitsa maukwati akale a Savoy, pamene wa ku Modena adzalemba Laura Dianti ngati mkazi wa ukwati popanda kusonyeza kuti pali mkangano. Makalata a akazembe ndi othandiza kwambiri pa nkhani za matenda a duke ndi mphekesera za pathupi, koma kazembe ankalemba zimene wamva pakhomo, ndipo zina zinali zofalitsidwa dala. Zikalata za a Gonzaga zimasungidwa ku Archivio di Stato ya ku Mantua, za a Este zili ku Modena kumene Cesare anasamuka nazo, ndipo milandu ya madera a Mfumu Yaikulu inkazengedwa ku bwalo la Reichshofrat, limene mapepala ake ali ku Vienna.

Manambala a mayina nawonso amasokeretsa. Mwamuna wa Maria sanalamulirepo Mantua, komabe olemba ena amamutcha Carlo II, ndipo mwana wake amakhala Carlo III kwa iwo pamene kwa ena ndi Carlo II. Njira yopewera chisokonezo ndi kulemba zaka za moyo pambali pa dzina nthawi zonse. Kalendala imafunanso chidwi, pakuti ku Florence chaka chinkayamba pa 25 Malichi mpaka pamene anasintha mu 1750, ndipo ku Venice zikalata za boma zinkayamba chaka pa 1 Malichi. Kuphedwa kwa Alessandro de' Medici, kumene mabuku a lero amakuika mu Januwale 1537, kumapezeka ndi chaka cha 1536 m'mapepala a ku Florence. Tsiku lililonse la mu Januwale, mu Febuluwale kapena la mu Malichi lisanafike pa 25 limene mwalitenga m'chikalata cha mizinda imeneyi muliyerekeze ndi chikalata cha ku Roma kapena cha ku Vienna musanaliike pa mzere wanu, makamaka pamene kubadwa kwa mwana, ukwati wa makolo ake ndi imfa ya duke zayandikana m'miyezi yomweyo.